Dongo Limene Ndinavundika ku Madzimoyo

Atate anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo mawu ankawasamala ngati mmene ena amasamalira ng'ombe. Ukalakwitsa kalankhulidwe pa chakudya, ankakuwongola supuni ili m'kamwa. Tinabadwa awiri okha, ine ndi mng'ono wanga Esinati. Iye mutu unkagwira. Ine ndinalephera mayeso a Giredi 9 kawiri, ndipo kachiwiriko Atate sanakalipe n'komwe, anangovula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Nzeru zanga zinali m'manja. Kutsidya kwa dambo la kwathu ku Madzimoyo kunali mayi wina woumba mbiya, ndipo ndinkazembera kumeneko m'malo mowerenga. Amama ankati ndikuwachititsa manyazi, mwana wa aphunzitsi kulowa m'tchalitchi zikhadabo zili ndi matope.

Chaka cha chilala, chija tinadya chimanga chachikasu, penshoni ya Atate inasanduka yogulira sopo ndi mchere. Mayi wina wa kutchalitchi, amene ankakaoda katundu ku Zimbabwe, anati kunja kwa Harare kuli malo oumba mbale ndi miphika ya maluwa, ndipo akufuna munthu wosaopa matope. Amama analira. Atate anapemphera pemphero lalitali mpaka ndinayamba kuopa kuti basi indisiya. Esinati ndiye anandisenzera chikwama mpaka pa siteshoni ku Chipata, ndipo basi itanyamuka anathamanga nayo m'mbali akugogoda zenera. Chithunzi chimenecho ndinakhala nacho m'mutu zaka zonse, ndipo ndi chomwecho chinandipusitsa.

Ine ndinkayesa ndikukaumba. Nditafika anandipititsa kuseri kwenikweni, ku shedi ya malata kumene kunali maenje, migolo ndi sefa. Oumba anali kutsogolo pa magudumu awo oumbira, atavala maepuloni oyera, alendo akuwajambula. Ife a kuseri tinali anthu a dongo. Linkabwera pa lole lili zibuma, ife n'kuliphwanya, kulinyika m'migolo, kulisefa kuti timiyala ndi mizu zichoke, kuliyanika pang'ono, kenako kuliponda. Kupondako ndiko kunali kwanga, kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo. M'miyezi yozizira dongo linkalasa mpaka m'mafupa.

Tinkagona m'komboni pafupi ndi ng'anjo zootchera mbale, akazi anayi chipinda chimodzi. Anzangawo ankalankhula Chishona, ndipo miyezi yoyamba ndinkangomwetulira chilichonse ngati mtengwa watsopano. Dzina langa linawavuta, ankangonditcha Zambia. "Zambia, mchere." "Zambia, waiwala zovala pa waya." Sindinadandaule, chifukwa akazi omwewo ndiwo ankandithowa miyendo ndi madzi otentha ikatupa.

Wondilankhula chinenero cha kwathu anali mmodzi yekha, mkulu wa shedi yathu, amene onse ankamutcha Sekuru Banda. Anachoka kwawo ku Malawi asanamere ndevu ndipo sanabwerereko. Anali ndi mano atatu ndi pakamwa posatseka. Tsiku loyamba anandiyang'ana mapazi, osati nkhope.

"Chabwino, ngotambalala," anatero. "Ozolowera nsapato satha sabata muno."

Pakhoma la shedi, adona eni malowo anapachika bolodi la ndondomeko ya ntchito, ndipo gawo lathu linali ndi mawu achingerezi aatali ngati njanji. Anzathu anawadula pakati, ankangotchula mutu wake. Ine pofuna kuti Atate aone kuti nanenso ndakhala munthu wa mawu, ndinawakopera chilembo ndi chilembo m'kalata. Yankho linabwera m'zilembo zawo zopendekera zija. Anati ayang'ana m'dikishonale, ndipo mawuwo si oopsa ayi, tanthauzo lake n'kufewetsa basi. "Azungu amakonda kutalikitsa chinthu chachifupi," analemba choncho. "Uthira madzi, chinthu chifewa, uumba."

Ndinawawerengera Sekuru Banda kalatayo pa nthawi ya tiyi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Atate ako ndi aphunzitsi, eti? Ukawauze kuti kufewetsa ndi ntchito ya mvula. Mvula ikagwa msewu wonse umafewa. Unaonapo munthu akuumba kapu ndi msewu?"

Anatapa dongo limene ndinaponda m'mawa womwewo, analipota m'manja ngati kachingwe, n'kundikulunga nako chala. Kanathyokathyoka. Kenako anandipititsa ku dzenje la kumapeto, lofunditsidwa masaka onyowa, limene sankalola munthu kuligwira. Atavundukula munatuluka fungo la dambo lovunda. Anapotanso kachingwe, ndipo kameneko kanandizungulira chala ngati mphete, popanda mng'alu ngakhale umodzi.

"Amayi anga kwathu ankati kuvundika, monga muchitira nthochi," anatero. "Uliponda, ulifunditsa, ulisiya mumdima lili lonyowa. Mwezi, chaka, zaka. Likayamba kununkha ndiye kuti likupsa. Likapsa limamva zimene dzanja likunena. Lofewa chabe silimva kanthu."

Anati mawu amenewo m'shedimo anafa kalekale. Amene ankawadziwa anapita kumanda, otsalawo ankangodziwa mutu wa mawu a pa bolodi. Inenso kwathu ndinkawamvera pa nthochi pokha. Ngakhale mayi wa kutsidya uja dongo lake ankaliumba litagona masiku awiri, n'chifukwa chake mbiya zake zinali zochindikala ngati mtondo.

Ndinawalembera Atate zonsezi. Anayankha kuti kuvundika n'kwa nthochi, ndipo palibe buku lawo limene limanena za kuvundika dongo. Nthawi imeneyo ndinangoseka.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, Sekuru Banda ankandikhazika pa gudumu lakale limene linatayidwa kuseri. Chaka chisanathe ndinali kuumba makapu opyapyala oti oumba a kutsogolo aja ankawatembenuza n'kufunsa kuti ndi a ndani. Maganizo anandibwerera pamenepo. Ku Chipata kunali maofesi, mahotela ndi nyumba za mabwana, ndipo mphika wa maluwa wabwino ankachita kuuitanitsa ku Lusaka. Ndinati ndidzabwerera kwathu ndikaumbe zanga. Gudumu mmisiri aliyense wa njinga akhoza kundilumikizira. Chosagulika chinali dongo lakupsa.

Ndiye Khirisimasi iliyonse, anzanga akamapita kwawo kukapuma, ine ndinkapita kwathu kukaponda. Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno kumapeto kwa dimba la Amama, pa mthunzi wa nthochi. Dongo ndinkalisenza pamutu kuchokera kudambo, n'kulisefa, n'kuliponda ndikuimba nyimbo za Chishona zimene sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndinkathiramonso mapale osinja, chifukwa Sekuru anandiphunzitsa kuti amateteza dongo kuti lisang'ambike pa moto. Mapale ake sanali wamba. Ndinkatola mbale zosweka pa dzala la kuntchito, zija za maluwa a buluu, n'kuzisinja mumtondo wakale. Pa malire a Chirundu bambo wina wofufuza katundu anamasula thumba langa, anayang'anamo, anaitana mnzake.

"Mayi, anzanu akubweretsa majarini ndi mabulangete, inu mbale zosweka?"

Majarini ndi mabulangete ndinkabweretsanso. Esinati anali atamaliza Giredi 12, koma maofesi nthawi imeneyo ankachotsa anthu m'malo molemba, ndiye anangokhala pakhomo. Ndinamugulira mathini ophikira masikono kuti asamangoyang'ana msewu.

Ntchito imene ndinamusiyira inali imodzi. Loweruka lililonse zidebe ziwiri za madzi pa dzenje, ndipo masamba a nthochi akauma asinthe.

"Asisi, olo ndidwale nizakwawa," anatero.

Atate ankabwera kudzandionerera ndikuponda, manja kumbuyo ngati woyendera sukulu. Ndinawalonjeza kuti kapu yoyamba ya m'dzenjemo idzakhala yawo.

"Tidzaona ngati tiyi wa m'kapu yovundika amakoma mosiyana," anatero akumwetulira.

Ndinaponda Khirisimasi zinayi, dzenje linadzaza mpaka pakamwa. Ziwiri zotsatira sindinapite. Yoyamba kuntchito kunali oda yaikulu, yachiwiri maondo anali atayamba, ndipo ulendo wa masiku awiri pa basi ndinauopa. Sindinade nkhawa, poti makalata ankabwera. Esinati ankasimba za mvula, za maliro, za masikono ake amene anayamba kuyenda malonda, ndipo kalata iliyonse ankaitseka chimodzimodzi: "Dongo lanu tathirira." Pansi pake Atate ankawonjezera mzere wawo: "Zonse zili monga wanenera mng'ono wako," n'kusaina. Atate anali mkulu wa mpingo. Nkhuku ya eni itaikira m'khola mwathu, anaibweza okha pamodzi ndi mazira ake. Mzere wawowo ndinkaukhulupirira kuposa maso anga.

Maondo anatha pang'onopang'ono. Choyamba ankangolira ndikamadzuka, kenako anatupa ngati maungu. Kuchipatala anati ndikapitiriza kuponda ndidzayendera ndodo ndisanamere imvi. Chaka chomwecho adona anagula makina osakaniza dongo, ndipo shedi yathu inatha ntchito. Sanandithamangitse mwachipongwe, anangonena kuti makina satupa maondo, zimene zinali zoona.

Tsiku lotsanzikana Sekuru Banda anandipatsa waya wawo wodulira dongo, wa timitengo tiwiri kumapeto.

"Uli ndi mwayi, Zambia," anatero. "Miyendo yatha, koma kuponda unaponda kale. Chatsala n'cha manja. Ine ndinaponda la eni moyo wonse."

Njira yonse yobwerera, powoloka Luangwa, pa Nyimba, pa Katete, mawu amenewo ankandilimbitsa mtima. La m'munsi mwa dzenje linali litagona zaka zisanu ndi chimodzi.

Minibasi inanditsitsa pa Madzimoyo masana. Ndisanaone denga la nyumba ndinamva fungo la masikono. Kuseri kwa khitchini kunali uvuni waukulu wozungulira, wosalala ngati dzira. Esinati anatuluka atanenepa, ufa uli m'mikono, anandikumbatira n'kulira. Abambo awiri a njinga anali kumanga mabasiketi opita nawo kutauni. Esinati anandikhazika pa mpando wa Atate n'kundipatsa tiyi wa mkaka. Masikono ndinadya anayi, ndipo ndinamuyamikira mng'ono wanga ndi mtima wonse. Ndinanyadira kuti mathini anga aja abala zipatso.

M'mawa mwake ndinati ndikaone dzenje. Amama anati ndiyambe ndapuma. Ndinati ndapuma. Anati kudimba kuli mame, maondo aipiraipira. Atanena kachitatu, ndinatenga ndodo n'kunyamuka, ndipo onse ananditsatira pambuyo mwakachetechete ngati tikupita kumanda.

Masamba a nthochi anali obiriwira, oyalidwa bwino kwambiri. Ndinawachotsa n'kudikira fungo lija, koma silinabwere. Ndinagwada movutikira n'kupisa dzanja. Linali lofewa ndithu, lonyowa bwino, koma lofiirira ndi lokhakhala, ndipo pakati pa zala ndinamva timizu ta udzu. Ndinapisa mpaka m'chigongono, chimodzimodzi. Ndinapota kachingwe n'kukulunga chala, kanaduka panayi. Linali dothi la pachulu, lija timaumbira njerwa.

Ndinadzuka n'kubwerera kunyumba, iwo akunditsatirabe. Ndinaima pa uvuni uja, ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta khoma lake pamene panali mwaye. Timadontho ta buluu tinaonekera, tambirimbiri, mbale zanga za pa Chirundu.

"Esinati, uvuni uwu munamanga na chani?"

Anayamba kupota nsonga ya chitenje. "Asisi, poyamba tinamanga na dothi la pachulu, unang'ambika kawiri. Ndiye tinatapako pang'ono chabe kuti timate ming'alu. Pamene tinamata sipanang'ambike. Ndiye bambo womanga uja anakamba kuti tikamanga wonse na lomwelo, uzakhala zaka."

"Liti?"

"Chaka chija choyamba simunabwele."

"Ndiye zaka ziwiri zonsezi munali kuthirira chani?"

Amama ndiwo analowererapo. Anati uvuni umenewo ndiwo unawadyetsa, ndiwo unagula mankhwala a Atate, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Anavomera kuti kalata yanga yoti ndikubwera itafika, anabwereka ngolo n'kudzaza dzenjelo, ndipo masamba anadula okha ndi chikwanje chawo. Anazinena ngati munthu wosimba mmene anakonzekera mlendo.

"Mukanandiuza," ndinatero.

"Mukanakana, Asisi."

Mwina ndikanakanadi, sindingadziyeretse. Koma chimene chinandiwawa, ndipo chimandiwawabe, si dongo lokha. Zaka ziwiri zimenezo miyendo yanga inali ikadali ndi kamphamvu. Akanandilembera mzere umodzi woona, ndikanakwera basi, ndikanatukwana, ndikanalira, kenako ndikanaponda lina. Mphamvu yotsalayo ndinaithera pa dongo la adona, mtima uli m'malo, chifukwa kalata inkati tathirira. Anandibera nthawi imene sakanatha kuibweza ndi ngolo.

Atate anali chiimire potero, atatsamira ndodo yawo. Ndinawayang'ana.

"Atate, inu munali kusaina."

Sanagwetse nkhope. Anandiuza kuti ndiwatsatire, tinabwereranso kudimba. Anawerama pang'onopang'ono, anabaya dothi lija ndi chala, chinalowa chonse.

"Koma lafewa, mwananga," anatero. "Tathirira sabata yonse. Ine sindikuona kusiyana kwake."

Ndinayang'ana m'maso mwawo kufuna bodza, sindinalipeze. Ankanena zoona zawo. Kwa iwo dothi linali dothi: lachoka, labwezedwa, lathiridwa madzi, mlandu palibe. Makalata anga onse aja, kuponda konse kumene ankaonerera manja ali kumbuyo, sanakhulupirire ngakhale tsiku limodzi kuti mwana wawo wolephera mayeso akudziwa chinthu chimene iwo sakuchidziwa. Esinati anandinamiza akudziwa chimene watenga, ndipo n'chifukwa chake anachitenga. Atate sanadziwe n'komwe kuti panali chotenga, ndipo zimenezo zinandilasa kuposa bodza la mng'ono wanga.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndinatapa dothi lawo lofewalo n'kuyamba kuumba. Ndinaumba mosamala, mwaluso langa lonse, kuti wina asadzati ndinachitira dala. Inatuluka kapu ndithu, ya chogwirira chake. Ndinakaiika pa tebulo la Atate, pambali pa dikishonale.

"Kapu yanu ija ndinalonjeza," ndinatero.

Tsiku lachiwiri inachita mng'alu kuchokera pakamwa mpaka pansi. Lachitatu chogwirira chinagwa chokha, isanaone n'komwe moto. Atate anatola zidutswazo n'kuziika pa shelefu ya mabuku. Sindinawafunse chifukwa chake. Zinakhala pamenepo mpaka tsiku limene tinachotsa mabuku awo atamwalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankazisunga chifukwa chomvetsa kapena chifukwa chosafuna kutaya mphatso.

Ndinayesa kuyambiranso. Ndinapempha anthu anditutire dongo kudambo, ndinalisefa nditakhala pansi, ndinalowamo ndi mapazi. Sindinathe ngakhale nyimbo imodzi, ndipo ndinagona sabata yathunthu maondo ali moto. Ndinalembapo aganyu, koma iwo anazolowera kuponda matope a njerwa. Akazungulira kangapo amati lapsa, ndipo ukawauza kuti apitirize amakuyang'ana ngati wamisala.

Munthu amafuna kudya, ndipo pakhomo panali ntchito imodzi yokha ya munthu wokhala pansi. Masiku ano ndimakanda ufa wa masikono. Ndimakhala pa mpando waufupi pambali pa uvuni, beseni pamiyendo, ndipo timadontho ta buluu tija timakhala pafupi ndi nkhope yanga. Uvuniwo sunang'ambikepo ngakhale kamodzi. Ogula akayamikira kufewa kwa masikono, Esinati amandiloza monyadira n'kunena kuti Asisi anaphunzira kunja. Ndimatenga waya wa Sekuru Banda uja n'kudulira ufawo, ndipo masikono amatuluka ofanana bwino.